Mabuleki a Njati pa Msewu wa ku Zambezi

Uthenga unabwera ndi alamu anga a Siamwinga, Loweruka masana, ine ndili pantchito ku Thomson Junction. Ndinali pakati pa mabogi awiri a malasha ndikukoleka unyolo, ndipo potuluka ndinawaona ataima tsidya la njanji, chisoti chili m'manja. Munthu wa pansi pa mgodi wa Namba Thu sankayenda padzuwa kudzaonera sitima. Ndinadziwiratu kuti kwagwa kanthu.

"Alamu, kwathu sikuli bwino," anatero. "Wabwera munthu dzulo kuchokera kumtsinje. Malole a boma afika, akusamutsa midzi. Ndiye ana ayamba kutsegula m'mimba, za magazi. M'mudzi mwathu aika kale awiri."

"Nanga Yohane? Nanga khanda?"

"Pamene munthuyo amanyamuka anali bwino. Koma nayenso wachedwa panjira."

Chinali chaka chimene anthu a m'chigwa cha Zambezi ankachotsedwa kuti madzi a damu la Kariba adzapeze malo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatira Mtonga, Mutinta, mlongo wawo wa a Siamwingawo. Iye anali atapita kwa mayi ake kumtsinjeko kukachira, atatenga mwana wathu woyamba, Yohane, wa zaka zinayi. Ndinali nditamva kuti wachira, mwana wamkazi, koma mwanayo ndinali ndisanamuone ndi maso.

Sitima sinkapita kumeneko, mabasinso kunalibe. Pa Hwange ponse, pamene masiku amenewo tinkati Wankie, anthu akuda okhala ndi galimoto anali osowa ngati mvula ya m'chilimwe. Mwayi wanga unali wakuti theka la galimoto ina linali langa.

Theka linalo linali la Che Bwanali, Myao wa ku Fort Johnston, amene tinkayandikana nyumba ku komboni ya Madumabisa. Anali wamkulu kwa ine, wamasiye, wogwira ntchito m'galaja ya pamgodi, munthu wosachedwa kuseka koma wochedwa kuvomera. Galimotoyo tinaitola ili chigoba, yakale ya ku Amerika imene mzungu wina anatopa nayo. Che Bwanali anachotsa injini yake yakufa n'kuikamo ya lole. Kumbuyo tinadula, tinakhoma matabwa. Inkanyamula nkhuni, timu ya mpira, nthawi zina mabokosi a maliro. Anthu a m'komboni anaipatsa dzina loti Njati, chifukwa ikayamba kuthamanga sinkamva za munthu. Mphamvu inali ya lole, koma mabuleki anali omwe aja akale a ndodo zachitsulo zokoka mawilo, opangira kagalimoto kopita ndi mzungu kutchalitchi. Tikafuna kuima pa sitolo tinkayamba kuponda buleki tikadali pa bwalo la mpira.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza Che Bwanali akutsuka m'manja pakhonde, ndinawafotokozera zonse.

"Tinyamuke mawa m'mamawa," ndinatero.

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Achimwene, msewu wa ku Kamativi mudaupitapo?"

"Pa lole, kamodzi."

"Ndiye zitunda zija mukuzidziwa. Njati ili chonchi sitsika pamenepo. Itsika ndithu, koma ife tikafika pansi tili nyama."

"Timange ndodozo zilimbe, tisinthe zikopa za mabuleki. Imeneyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi."

"Zikopa zatsopano zigwira pa chitunda choyamba. Pachiwiri zitentha, pachitatu mudzaponda ngati mukuponda phala. Injini ija ikulemera kutsogolo. Imafuna mabuleki a mafuta."

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti iwo alibe mwana kumtsinje. Mawu amenewo anali oipa kunena kwa munthu amene anaika mkazi ndi mwana tsiku limodzi, koma iwo sanabweze. Anangoti, "Mawa tipite kumanda a galimoto."

Manda a galimotowo anali kuseri kwa sitolo, panjira yopita ku Namba Wani. Mwini wake anali munthu wonenepa wa ku Bulawayo amene ankalankhula nafe Chilapalapa, chiyankhulo cha pamgodi. Anatiyendetsa pakati pa zigoba zotentha ndi dzuwa la Okutobala. Poyamba anatisonyeza madilamu a mabuleki a lole, aakulu ngati mbale zosambira, n'kunena kuti amenewo angaimitse ngakhale sitima. Che Bwanali anayeza ndi chikhatho, anapukusa mutu. Sakanalowa m'mawilo athu, ndipo kusintha mawilo kukanafuna matayala ena amene tinalibe. Kenaka anatitengera pa vani yonyamula buledi imene inagubuduzika mwezi wapitawo. Denga linali litaphwanyika, koma kunsi kunali bwino: mabuleki a mafuta mawilo onse anayi, mapaipi ake, ndi kapampu kokankha mafuta munthu akaponda.

"Tengani zonse, muike mawilo onse," anatero mwini malo. "Tayani ndodo zanuzo. Ndi za makedzana."

Mtima wanga unagwera pomwepo, chifukwa ndinkafuna chinthu chimodzi chotha msanga. Koma Che Bwanali anagona chagada pansi pa vaniyo nthawi yaitali, ine ndikungoponda uku ndi uku. Atatuluka anati, "Titenga zakutsogolo zokha."

"Bwanji osatenga zonse?" ndinafunsa.

"Mafuta awa amayenda m'njira imodzi. Paipi imodzi ikaboola, mawilo onse anayi afa limodzi. Msewu umene tikupitawo ndi wa malata okhaokha, umagwedeza mano m'kamwa. Kutsogolo tiike mafuta, chifukwa ndiko kuli katundu. Kumbuyo tisiye ndodo, tizimange ku buleki ya pamanja. Wina akagona, wina akhale maso."

"Nanga zitenga nthawi yotani?"

"Ekiselo ya vani siyofanana ndi yathu. Pafunika kuboola, kusula, kuyesa. Ndipo masana ndili kugalaja."

Masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira. Kapitawo wanga anandilola kuchoka, ndiye ndinkakhala tsiku lonse pafupi ndi Njati itakwezedwa pa zitsa, ndikupala dzimbiri, ndikudikira kuti Che Bwanali aweruke. Akafika sankadya n'komwe, ankangovula malaya n'kulowa pansi. Lachiwiri kapampu kanayamba kudontha, tinachita kukafunanso timphira tina ku vani ija. Lachitatu ndinanyamula kathumba kanga kuti ndiyambe wapansi. A Siamwinga anandigwira pa mkono pa geti la komboni.

"Wapansi mukafika liti, alamu? Ndipo mukawapeza, mudzawanyamula pamutu?"

Ndinabwerera. Madzulo ake Che Bwanali anayendetsa Njati pa bwalo la mpira, anaponda, ndipo galimoto inaima nji, mphuno pansi, fumbi n'kutipitirira. Ana a m'komboni anaombera m'manja. Ine sindinathe kusekerera.

Tinanyamuka Lachinayi kusanatenthe. Che Bwanali anali pa chiwongolero, ine pambali pawo, a Siamwinga kumbuyo ndi mgolo wa petulo, wina wa madzi, thumba la ufa ndi tayala limodzi losungira. Msewu wa ku Bulawayo masiku amenewo unali timizere tiwiri ta phula, tolingana ndi mawilo. Mukakumana ndi galimoto ina aliyense ankasiya mzere umodzi, koma zoona zake n'zakuti ikakhala ya mzungu tinkasiya yonse iwiri. Titangooloka Lukosi tinapatukira lole ya malasha, tayala lakumanzere linagunda m'mphepete mwa phula n'kuphulika. Tinasintha. Pa mphambano ya ku Dete wapolisi anatiimitsa, anaona zitupa zathu, kenaka anayamba kuzungulira Njati. Ankafuna kudziwa ngati ili galimoto kapena lole, popeza pepala linkanena china, maso ake ankaona china. Anatiuza kuti tidikire mkulu wake. Tinakhala pansi pa mtengo wa tsanya wopanda mthunzi mpaka dzuwa linapendeka. Mkuluyo atabwera sanayang'ane n'komwe pepala. Anangogogoda matabwa athu ndi ndodo, anaseka, n'kutikupiza dzanja kuti tizipita.

Kuchokera pamenepo phula linatha. Tinatsikira ku mtsinje wa Gwayi, pa chigwa chakuya chokhotakhota, ndipo apo ndi pamene ndinaona ntchito ya mabuleki atsopano. Che Bwanali ankaponda pang'ono, kusiya, kupondanso, galimoto n'kumamvera ngati bulu wophunzitsidwa. Pansi pa mlatho anaima, anakhudza dilamu ndi nsonga ya chala, n'kuyang'ana ine. Tinagona ku Kamativi, pa mgodi wa tini, kwa munthu wakwathu.

M'mawa mwake munthu wina anatipempha kuti timutenge. Anati dzina lake ndi Maliko, wa ku Dedza, wophikira gulu lokonza msewu kutsogoloko. Anali ndi thumba la shuga lalikulu kuposa limene anthu okumba msewu angamwere tiyi. Tonse tinadziwa ntchito ya shuga wotero, koma palibe anafunsa. Analipira ulendo ndi chitini cha mkaka, n'kukwera kumbuyo ndi a Siamwinga.

Patsogolo pang'ono panali geti la ntchentche za kashembe. Galimoto iliyonse inkalowa m'chishedi chamalata, kutsekeredwa, n'kupoperedwa mankhwala. Wopoperayo anali atapita kukasaka madzi, ndiye tinadikira. Ndinayenda kuzungulira shediyo mpaka a Maliko anati, "Achimwene, khalani pansi, mukundizunguza mutu." Atabwera munthuyo anatipopera ife ndi ufa wathu womwe.

Msewu wa kuyambira apo unali ngati munthu wayala malata pansi. Chilichonse m'galimoto chinkalira. Kutentha kunali kwakuti chitsulo cha chitseko sichinkagwirika. Tinakwera, tinatsika, tinakweranso, mpaka tinafika pamwamba pa chitunda chachitali chimene pansi pake pankaoneka mchenga woyera wa mtsinje wouma. Kumanja kunali khoma la phiri, kumanzere phompho.

Che Bwanali analowetsa giya yachiwiri, tinayamba kutsika. Pa khona yoyamba anaponda, inagwira. Pa yachiwiri ndinaona phazi lawo likupita mpaka pansi, phwa, popanda chouletsa. Anapondanso kawiri mofulumira. Palibe.

"Gwirani chitseko," anatero, mawu ali pansipansi.

Njati inayamba kuthamanga. Anayesa kubweza giya yoyamba, inangokukuta mano n'kukana. Kumbuyo ndinamva a Maliko akuitana mayi awo. Che Bwanali anagwira buleki ya pamanja ndi dzanja lamanzere, osaikoka kamodzi, koma kukoka n'kubweza, kukoka n'kubweza. Mawilo akumbuyo analira, galimoto inagwedeza matako uku ndi uku, fungo la zikopa zopserera linadzaza m'kati. Liwiro linatsika pang'ono, koma khona yachitatu inali pafupi, ndipo kuseri kwake kunali mlengalenga basi. Apo anapotoza chiwongolero kumanja n'kukhuza galimoto ku khoma la phiri. Matabwa athu anathyoka ngati mapesi. Miyala inagwera pa boneti. Tinakwekwereza choncho mpaka giya yoyamba inalowa, injini inabangula, ndipo tinaima mphuno itagwira chitsamba cha m'mphepete mwa phompho.

Ndinatsika. Ndinapita kukaona anzathu kumbuyo. A Siamwinga anali atang'ambika pachipumi, akugwirabe mgolo wa petulo ndi manja awiri. Mgolo wa madzi unali utapita kuphompho. Shuga wa a Maliko anali mbwee mumsewu.

Che Bwanali analowa pansi. Paipi yamkuwa yopita ku wilo lakumanzere inali itakhuzana ndi sipuling'i chifukwa cha kugwedezeka, mpaka kubooka. Mafuta onse anali atathera m'fumbi. Kabotolo ka mafuta osungira kamene tinatenga kanali kataphwanyika pa khoma lija.

"Paipi ndiikonza," anatero. "Ndidula pobookapo, ndilumikiza. Koma mafuta ndilibe."

"Tithire a injini."

"Adya timphira tonse tisanafike pansi apo."

"Madzi?"

"Awira pa khona yoyamba."

Ndinakhala pa mwala, ndinagwira mutu. Kubwerera ku Kamativi wapansi kunali kutaya masiku ena, ndipo panalibe chitsimikizo choti sitolo ya pamgodi ingagulitse mafuta otero kwa munthu wakuda wodutsa. Ndinayang'ana kumpoto kumene kunali chigwa, utsi wa dzuwa uli tolo, ndinaganiza za Yohane amene ankaopa ngakhale mankhwala a chifuwa. Ndinalira pamaso pa amuna anzanga, ndipo palibe anandiletsa.

Patapita nthawi Che Bwanali anati, "A Siamwinga, akazi akwanu amadzola chiyani pamodzi ndi dothi lofiira lija?"

"Mafuta a mabono. Inu mumati nsatsi."

"Mafuta a mabuleki akale ankanunkha nsatsi ndi sipiriti. Ndinkawathira ndine m'galaja nkhondo isanathe." Anatembenukira kwa a Maliko, amene ankawola shuga ndi manja. "Achimwene, kumsasa kwanu kuli kachasu?"

A Maliko anayang'ana kumbali. "Ine ndimaphika nyemba."

"Sindine wapolisi. Ndikufuna wamutu, woyamba kudontha, woti ukayatsa machesi ayake."

"Ameneyo alipo," anatero a Maliko.

Tinatsitsa Njati pa giya yoyamba mpaka pamchenga, ine ndi a Siamwinga tikuyenda m'mbali ndi miyala m'manja yoti tiponye kunsi kwa mawilo ikafuna kuthawa. A Maliko anapita kumsasa kwawo, a Siamwinga analowera kumidzi ya m'mphepete mwa mtsinje woumawo. Onse anabwera tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, wina ndi botolo, wina ndi chigubu cha mafuta a nsatsi chimene anasinthanitsa ndi ufa wathu. Madzi akumwa tinachita kufukula mumchenga.

Che Bwanali anali munthu wa Chisilamu weniweni, wosayandikira ngakhale khomo la bhiyaholo, nyumba yomweramo mowa. Tsiku limenelo ndinawaona akusefa mafuta a nsatsi pa mpango wawo, akuthira kachasu pang'onopang'ono, akutakasa ndi kamtengo, akuyesa pakati pa zala ziwiri kuti aone kulemera kwake. Anati, "Mulungu akuona chimene ndikuchitira." Paipi anaikulunga ndi chidutswa cha chubu pamene inkakhuzana. Kenaka anandikhazika pa mpando woyendetsera kuti titulutse mpweya m'mapaipi, iwo ali pansi ndi sipanala.

"Pondani. Pondaninso. Gwirani pomwepo."

"Ndagwira."

"Siyani. Pondani."

Tinachita zimenezo mpaka mwendo wanga unachita dzanzi. Poyamba chopondera chinkangomira. Kenaka chinayamba kubweza, cholimba ngati ukuponda dzungu losapsa.

"Agwira," anatero Che Bwanali. "Koma akatentha kachasuyo awira. Tikatsika pang'ono, tiziima kuti azizire."

A Maliko tinawasiya pamsasa pawo. Tinafika kumtsinje Lamulungu masana, a Siamwinga akutilozera njira pakati pa mitengo ya malambe. Mudzi unalipo, koma anthu munalibe. Nyumba zinali zitasasulidwa madenga, nkhokwe zitagwa chammbali, mitondo itasiyidwa pabwalo. Galu mmodzi wowonda anatuluka, anatiyang'ana, n'kubwerera. Ndinathamanga khomo ndi khomo ndikuitana dzina la mkazi wanga, chinthu chimene sindinkachita pagulu. Zambezi ankangoyenda phee kumunsi kwake, ngati palibe chachitika. A Siamwinga anapita kukaima pa manda a bambo awo, ine ndinapeza nkhalamba ina pa dooko ikukonza mono. Inali itathawa malole, inati idzachoka madzi akadzafika m'khosi. Inatilozera kumtunda, kumene matayala a malole analowera.

Njira imeneyo sinali msewu, inali mabande a malole m'thengo. Tinaboola tayala lachiwiri, tinamata chubu ndi moto wa nkhuni. Tinatitimira mumchenga kawiri. Lolemba dzuwa litakwera tinafika pamalo pouma pa miyala, pamene anthu anatsitsidwa ndi katundu wawo. Panali misasa ya udzu ndi migolo iwiri ya madzi imene lole inkabwera kudzadzaza ikakumbukira. Inali yopanda kanthu.

Mutinta ndinamuona ali patali, atakhala pansi pa mtengo, Yohane ali pamiyendo. Kumsana kwake kunalibe kanthu. Nsalu yoberekera inali itayanikidwa pa chitsamba. Ndinayenda pang'onopang'ono, chifukwa ndinali nditadziwa kale.

"Mwabwera, bambo a Yohane," anatero.

"Ndabwera."

"Wamng'ono tinamuika Lachitatu. Uko, kuseri kwa mwala uwo."

Lachitatu. Tsiku lomwe Njati inaima bwino pa bwalo la mpira, ana n'kuomba m'manja. Che Bwanali anali ataima kumbuyo kwanga, ndipo anamva. Anavula kofia yawo, n'kubwerera ku galimoto.

Yohane anali mafupa okhaokha, maso atalowa, milomo itang'ambika. Anandiyang'ana koma sanadzuke. Ndinapita kukaona kamulu ka miyala kaja mwachangu, sindinathe ngakhale kugwada nthawi yaitali. Apongozi anga anali atakhala pafupi ndi mandawo, atandifulatira monga mwa ulemu wake. Tinalankhulana kudzera mwa a Siamwinga. Ndinawapempha kuti tipite limodzi ku Wankie. Anakana. Anati manda a amuna awo awasiya kale kumtsinje kuti amizidwe, awa sawasiyanso. A Siamwinga anatsala nawo kuti awamangire nyumba. Tinawasiyira ufa wotsala ndi chitini cha mkaka chija.

Pobwerera Mutinta anakhala kutsogolo ndi mwana, ine kumbuyo pa matabwa othyoka, ndikusuzumira pa kawindo. Tinali ndi mabotolo awiri a madzi ofukula, ndipo iye ankamudonthezera mwanayo m'kamwa ndi chala. Zitunda zomwe tinatsika tinazikwera, zomwe tinakwera tinayenera kuzitsika. Pakati pa chitunda chachiwiri Che Bwanali anaimika galimoto, anaika mwala kunsi kwa wilo.

"Bwanji taima?" anafunsa Mutinta.

"Mabuleki atentha, amayi. Adikire pang'ono."

"Mwanayu sakudikira. Taonani maso ake."

"Ndawaona."

"Ndiye tiyeni. Chonde, bambo, tiyeni."

Mutinta anatembenukira kwa ine kuti ndiwauze. Ndinatsika, ndinayandikiza dzanja pa dilamu, linali ngati chiwaya. Ndinaponda chopondera, chinamira theka. Masiku apitawo ndikanakhala woyamba kukuwa kuti tizipita.

"Tidikire, amake Yohane," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaweramira mwana n'kuyamba kumuimbira chapansipansi m'Chitonga. Tinaima motero kanayi kapena kasanu, sindikumbukira. Nthawi iliyonse ndinkaika khutu pachifuwa cha Yohane tisananyamuke. Pa geti la kashembe wopopera uja anasuzumira m'galimoto, anaona mwanayo, anatsegula mtengo wotchinga osatilowetsa m'shedi.

Tinafika pa kachipatala ka pamgodi wa Kamativi tsiku lotsatira, dzuwa likufiira. Wothandiza dokotala, munthu wa ku Barotse, anamulandira Yohane m'manja mwa mayi ake n'kulowa naye, Mutinta akutsatira. Ine ndinabwerera ku galimoto. Che Bwanali anali akadali pa mpando, chitseko chili chotsegula.

"Tsikani, mupume," ndinatero.

"Mwendo wakana."

Chopondera chija chinali cholimba kwambiri, ndipo anali atachikankha tsiku lonse. Ndinachita kuugwira mwendowo ndi manja awiri n'kuutulutsa, ukunjenjemera wokha. Anakhala pa sitepe ya galimoto, akuyang'ana pansi.

"Tikadanyamuka tsiku lija munanena, achimwene, mwina mukadamupeza wamoyo."

"Mwina," ndinatero. "Mwinanso bwenzi Mutinta akudikirabe pansi pa mtengo uja, ife tili kuphompho."

"Mwina."

Sitinakambiranenso nkhaniyo, ngakhale tinakhala moyandikana zaka zambiri pambuyo pake.

Yohane anakhala masiku ali pakati pa moyo ndi imfa, akumubaya majekeseni ndi kumumwetsa madzi a mchere ndi shuga pa supuni. Che Bwanali anabwerera ku ntchito pa lole ya mgodi, Njati inatsala kuseri kwa chipatala kudikira mafuta enieni. M'mawa wina ndinalowa m'chipindamo ndinapeza mwanayo atakhala tsonga, atatsamira mayi ake, akunyambita phala pa chala. Anayang'ana kumsana kwa Mutinta, anayang'ana pa bedi, kenaka anayang'ana ine.

"Ababa, mwana uja mwamusiya kuti?"

Mutinta anatembenukira kukhoma. Yankho linatsalira ine, amene sindinamuone n'komwe nkhope yake.

"Watsala ndi agogo ako," ndinatero.

Yohane anaganiza pang'ono, chala chili m'kamwa.

"Kumene kuja kulibe madzi," anatero. "Mukawapititsire."